ZA PA MUDZI: Nthambi Yolendewera pa Waya wa Magetsi

Abale a ku Dwambazi ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, mukuudziwa mwera. Mphepo imeneyi, imene imakula mu June ndi July, sivutitsa asodzi okha ayi, imathyolanso nthambi za mango pakhomo. Tsono nthambi ikathyoka ndi kulendewera pafupi ndi waya wa magetsi, musaithamangire ndi chikwanje.

Ambiri amati mtengo sugwira magetsi. Kumeneko ndi kudzinyenga. Nthambi yaiwisi ili ndi madzi m'kati, ndipo magetsi amayenda m'menemo kufikira m'manja mwa wodulayo. Nsungwi yokolowolera nayonso ndi chimodzimodzi. Mawaya aakulu opita m'midzi amanyamula ma volts 11,000 kapena 33,000, pamene a m'nyumba ndi 230 okha. Mphamvu yotere imatha kulumphira munthu asanakhudze n'komwe wayayo.

Uzani a mfumu msanga, ndipo mawu apite kwa a ESCOM, pakuti iwo ndiwo ozimitsa magetsi. Podikira, ana asasewere patsinde, mbuzinso musamangirirepo. Inu amayi, nkhunizo sizithawa.

Eni akewo akazimitsa ndi kukulolani kudula, mangani chingwe kunthambiyo, amuna awiri azikokera kumbali kumene kulibe waya. Yambani kutema pang'ono chakunsi kwake, kenaka pamwamba, kuti pogwa isasende khungwa la thunthu. Ikakhala yaikulu, iduleni zidutswazidutswa kuyambira kunsonga.