Nyimbo zimabadwila mu komboni, nanga ndalama zake zimagona kuti?

Mu Lusaka muno muli mau amene makolo amakonda kuponyela mwana akayamba kugwila gitala, olo akayamba kugonela ku situdiyo: "Leka congo, kafune nchito." Ena amaonjezela kuti rock na pop ni nyimbo za azungu, ndipo ku machechi ena amafika pokamba kuti ni za Satana. Ine sinivomeleza, cifukwa mbili ya nyimbo izi ni mbili ya anthu monga ise: anthu akuda ocokela ku munzi, okhala mothinana m'tauni, osakila ya lendi mwezi na mwezi. Cimene cimanidetsa nkhawa ni cakuti ambili amene anaziyamba anafa osauka, ndipo dzenje limene anagwelamo likali lotseguka mu Matero, mu Chawama na mu Kanyama mpaka lelo.

Tiyambile ku America. Kucokela ca m'ma 1910 kufika ca m'ma 1970, anthu akuda pafupi-fupi 6 miliyoni anacoka kum'mwela kwa dziko limenelo, kuthawa tsankho na umphawi wa m'minda ya thonje. Anapita ku Chicago, ku Detroit, ku New York, monga mmene ambuye athu anacokela ku Petauke na ku Katete kukasakila nchito ku migodi. Mmodzi wa iwo anali Muddy Waters, amene anafika mu Chicago mu 1943 kucokela ku Mississippi. Masana anali kugwila nchito mu fakitale na kuyendetsa lole, usiku anali kuimba blues. Gitala yake ya ku munzi siinali kumveka m'mabala odzala anthu, ndiye anasinthila ku gitala ya malaiti. Congo ca m'tauni ndiye cinaphunzitsa gitala kukuwa.

Kwa imwe amene mumati ni za Satana, mvelani iyi. Mmodzi wa anthu oyambilila kuliza gitala ya malaiti mwaukali anali mzimai wa mu chechi, Sister Rosetta Tharpe, mwana wa mai mlaliki wa mu Church of God in Christ. Mu 1944 anajambula nyimbo ya uzimu, "Strange Things Happening Every Day", imene anthu anaigula na kuivina kunja kwa chechi. Little Richard na Elvis Presley anakula akumvela mai ameneyu. Kuomba m'manja, kukuwa na kugwedezeka kumene munakuona mwa oimba rock kunacokela pa guwa.

Mu 1951 ku Memphis, gulu la Ike Turner linajambula "Rocket 88" mu situdiyo ya Sam Phillips. Sipika ya gitala inali itaonongeka panjila, ndiye anaikamo mapepala kuti igwileko nchito. Inatulutsa mau osasa, ndipo Phillips anawakonda. Ambili amaichula nyimbo imeneyi kuti ni imodzi mwa zoyamba za rock and roll. Aliyense amene anakonzapo sipika na kawaya mu komboni adziwa kuti luso la conco limabadwa pamene ndalama palibe.

Manje onani mmene ndalama zinalowela. Mpaka 1949, magazini ya Billboard inali kuchula nyimbo za anthu akuda kuti "race records", kutanthauza nyimbo za mtundu uja. Caka cimeneco anasintha dzina kukhala rhythm and blues. Mu 1951 muulutsi wa pa wailesi ku Cleveland, Alan Freed, anayamba kuziliza usiku na kuzicha rock and roll. Tumalekodi tung'ono tochipa tunali tutayamba kale mu 1949, ndipo mu 1954 kunabwela tumawailesi tonyamula m'manja. Ana a azungu anayamba kumvela nyimbo izi ku cipinda makolo osadziwa. Msika unakula, ndipo a mapepala na zolembela anafika.

Arthur Crudup anaimba "That's All Right" mu 1946. Elvis anaiimbanso mu 1954, ndiye lekodi yake yoyamba. Crudup anamwalila mu 1974 ali mphawi, akali kulondola ndalama za nyimbo zake. Big Mama Thornton anali woyamba kujambula "Hound Dog" mu 1952, ndipo iye mwini anali kukamba kuti anapatsidwa 500 dollars cabe. Chuck Berry atatulutsa "Maybellene" mu 1955, anapeza kuti pa maina a olemba nyimbo aonjezelapo anthu ena awili, mmodzi wa iwo Alan Freed uja wa pa wailesi, ndipo zinatenga zaka pafupi-fupi 30 kuti dzina lake likhale lokha. "Tutti Frutti" ya Little Richard anaitenga mzungu wofatsa Pat Boone, anaiziziletsa, ndipo inakwela pamwamba kupambana ya mwini wake. Sister Rosetta anamwalila mu 1973, manda ake ku Philadelphia anakhala zaka zoposa 30 opanda mwala.

Wina adzati: nanga kubwelekana nyimbo ni mlandu? Iyai. Nyimbo zimayenda monga moto wopalana pa neba. Chuck Berry naye anatapa ku nyimbo za country za azungu osauka, ndipo olemba "Hound Dog" anali anyamata awili aciyela, Jerry Leiber na Mike Stoller. Elvis sanabise kumene anaphunzila. Vuto inali pa pepala. Woimba anali kusaina ali na njala, osawelenga, osafunsa, wokondwa cabe kuti mau ake adzamveka pa wailesi. Cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Pali munthu amene anaiona bwino nkhani iyi. Berry Gordy wa ku Detroit anagwilako nchito mu fakitale ya mamotoka, ndiponso anali kulemba nyimbo zimene zinali kugulidwa maningi koma iye n'kulandila tung'ono. Mu 1959 anakongola 800 dollars ku banja lake na kuyamba kampani imene tiidziwa kuti Motown. Mmenemo ndiye munatuluka The Supremes, Stevie Wonder, Marvin Gaye na Jackson 5. Pop ya anthu akuda inalowa m'nyumba zonse, ndipo situdiyo, malekodi na maumwini a nyimbo zinali m'manja mwa munthu wakuda. Oimba ena a mmenemo anadandaulanso za malipilo, zimene zionetsa kuti khungu la bwana silikuteteza ngati sunawelenge cimene wasaina.

Nyimbo izi zinaoloka nyanja. Anyamata a ku Liverpool na ku London anazimva, anazikopela, n'kuzibweza ku America. The Rolling Stones anatenga dzina lao ku nyimbo ya Muddy Waters. The Beatles anaonekela pa TV ya ku America mu February 1964, caka cimene ise tinalandila ufulu. Kucokela kumeneko zinafika kuno. Acinyamata a ku Kitwe, ku Ndola na mu Lusaka anamvela Jimi Hendrix, James Brown na The Rolling Stones, anasakaniza na ng'oma zathu, ndipo kunabadwa Zamrock: Musi-O-Tunya ya ba Rikki Ililonga, WITCH, Amanaz, Ngozi Family. Dzina la ba Jagari Chanda linacokela kwa Mick Jagger. M'ma 1970 a Kaunda analamula kuti nyimbo zambili pa wailesi zikhale za m'Zambia, ndipo kampani ya Teal ku Ndola inali kudinda malekodi.

Mtengo wa kopa utagwa, makefyu atatseka usiku, ndipo matenda a AIDS atatenga oimba ambili, Zamrock inazima. Ba Jagari anakathela ku migodi ya miyala ya mtengo wapatali. Amene anabwela kudzafukula nyimbo za WITCH na kuzitulutsanso mu 2012 ni kampani ya ku Los Angeles, Now-Again. Ba Paul Ngozi anamwalila mu 1989, tinawapatsa mseu mu Kabwata. Mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga cidutswa ca "Nizakupanga Ngozi" ya mu 1977 na kuciika mu nyimbo yake "Noid". Ganizilani: mu 2024 nyimbo ya zaka 47 inali ikali kugwila nchito, mwini wake anagona kale. Nyimbo ni munda umene umabala mlimi atapita, ndipo wokolola ni uja amene dzina lake lili pa pepala.

N'cifukwa cake nikamba na imwe makolo coyamba. Mwana wanu akakonda zoimba, kumuthamangitsa sikuthandiza, adzapita ndithu, koma adzapita yekha. Mufunseni mafunso amene Crudup analibe womufunsa. Nyimbo iyi analemba ndani? Uja anapanga biti mwagwilizana zotani? Akaunti ya YouTube ili m'dzina la ndani? Unalembetsa ku ZAMCOPS? Na imwe acinyamata, osagulitsa nyimbo cifukwa ca foni yatsopano, olo cifukwa cakuti wina wakulipililani situdiyo. Pepala lililonse pitani nalo kunyumba, ligone, wina wodziwa malamulo aliwelenge. Amene akana kuti mupite nalo wakuuzani kale zimene zilimo.

Eni mabala, eni malo a maukwati na mawailesi, laisensi ya nyimbo muziilipila monga mmene mumalipilila moba na malaiti. Popanda nyimbo, makasitomala anu sangafike 22 hours. Ngati tifuna kuti oimba a lelo asakathele kumene anathela Crudup, ndalama iyambe kuyenda akali moyo. Bokosi lodula na mseu wa dzina lao ana ao sangadye.