Laibulale si holo yodikiriramo mayeso a fomu folo

Aliyense amene adalowapo mu laibulale ya boma ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu mayeso atayandikira akudziwa zimene ndikunena. Mipando yonse imakhala yodzaza, ena atakhala pakhonde, koma mabuku a m'mashelefu ali phee osakhudzidwa. Anyamata ndi atsikanawo amabwera ndi makope awo, manotsi ofotokopa ndi mapepala a mayeso akale. Chimene afuna ndi tebulo, bata ndi kuwala basi. Mayeso akangotha, nyumba ija imakhala ngati tchalitchi Lolemba m'mawa.

Sindikuwadzudzula ana athuwa ayi. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Mtandire amene amagona chipinda chimodzi ndi abale ake asanu, wailesi ya anansi ikulira usana ndi usiku, akawerengera kuti? Koma funso langa ndi lakuti: kodi pamene lamulo la 1967 linkakhazikitsa bungwe la National Library Service, cholinga chidali kungomanga maholo odikiriramo MSCE?

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno tidalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Anthu amenewa nawonso amakhoma msonkho. Akagula katundu m'sitolo kapena mayunitsi a foni, boma limatapapo yake, ndipo ndi ndalama zomwezo zimene zimalipira mlonda wa pa geti la laibulale. Tsono ngati ntchito ya nyumbayi ndi kubwereketsa mabuku kokha, ambiri mwa iwo a Chingerezi, ndiye kuti mayi wogulitsa tomato ku msika wa Lizulu akulipirira nyumba imene sadzapondamo mpaka kalekale.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti chinthu chanzeru kwambiri chimene bungweli lidachitapo zaka zapitazi ndi ntchito yotolera nthano imene idayamba mu 2012. Mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya kuno kwathu, kampani ya Sony ndi bungwe lina lothandiza la ku New Zealand, anthu adayenda m'maboma ndi makamera kujambula agogo akusimba nthano m'zinenero zawo. Adatolera nthano zoposa 200, ndipo pambuyo pake adayambanso kujambula nyimbo zamakolo. Chokoma n'chakuti sadangotsekera zojambulazo m'kabati. Ku likulu la laibulale ku Lilongwe adayamba kuitana ana kudzamvera nthano pamaso ndi pamaso. Taganizani, nyumba imene chikhalire lamulo lake lalikulu ndi lakuti khalani chete, mwadzidzidzi mukumveka wina akuti "padangokhala", ana n'kuyankha "tili tonse" ndi mawu onse!

Wina anena kuti zimenezo ndi masewera, laibulale ndi malo a maphunziro. Pepani bwana, mwana amene wamvera nthano mpaka kumapeto waphunzira kutsata nkhani, kusunga mayina a anthu ake, kulosera chimene chichitike ndi kufunsa chifukwa chake kalulu wachita zakutizakuti. Kuwerenga buku n'komweko, kungoti mawu ali papepala. Ndipo mwana amene walowa pa geti chifukwa cha nthano waona kale pamene pali mashelefu. Sabata yamawa sachitanso mantha ndi mlonda uja.

Bata la m'malaibulale athu lili ndi mbiri yake, ndipo tisamaiwale msanga. Mu 1968, chaka chimodzi chokha lamulo la laibulale litadutsa, kudabweranso lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo. Mabuku mazanamazana adaletsedwa. Chaka chomwecho Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo sichidabwererepo mpaka ulamuliro utasintha mu 1994. A Jack Mapanje adamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuonekera kubwalo la milandu. M'nyengo yotereyo, woyang'anira laibulale wofuna kufa ndi ukalamba sakadayerekeza kusonkhanitsa anthu kuti akambirane ndakatulo. Kungodinda deti pa buku n'kukhala chete ndiyo idali nzeru yopulumukira.

Chikhalidwe nacho chidapatsidwa ntchito imodzi yokha: kuvinira mtsogoleri. Amayi ankatengedwa pa malole kukavina ku siteji, magule onse a dziko lino n'kukhala nyimbo zotamanda munthu mmodzi. Tidavota pa 14 Juni 1993 kuti tikufuna matipate, koma khalidwe ili lokha sitidalivotere kuti lichoke. Maboma onse amene abwera pambuyo pake apitiriza kuitana ingoma, beni, tchopa ndi gule wamkulu pamene bwana akutsika galimoto, akatha kulankhula ovina aja n'kupatsidwa kenakake ka sopo, basi kwatha. UNESCO idalemekeza gule wamkulu ndi vimbuza mu 2005, tchopa mu 2014, ngakhale nsima yathuyi mu 2017. Satifiketi tili nazo. Koma kodi mwana wa m'tauni angapite kuti kukamva tanthauzo la zinthu zimenezi popanda mbendera ya chipani ikupepera pamutu pake? Laibulale ndi amodzi mwa malo ochepa a boma amene munthu amalowa osafunsidwa chipani, mpingo kapena mtundu wake.

Apa ndiye pali nkhawa yanga. Ntchito ya nthano ija idayenda chifukwa alendo adabwera ndi makamera ndi ndalama. Tiwathokoze, adachita bwino. Koma tidaona kale zimene zimachitika mlendo akamanga katundu wake. Anthu a ku Blantyre akukumbukira French Cultural Centre, kumene a Du Chisiza Jr ndi gulu lawo la Wakhumbata, a Kwathu ndi oimba osawerengeka ankadzaza bwalo Lamulungu masana. A ku France atachoka mu 2011 malowo n'kugwera m'manja mwa boma, katundu adabedwa, nyumba zidaonongeka, ndipo padatenga zaka anthu a zisudzo akungolira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pulogalamu imene ilibe mzere wake mu bajeti ya boma ndi ya mwini ndalama, ndipo tsiku limene iye watopa nayo imafa popanda ngakhale wolengeza maliro.

Palinso nkhani ya kasungidwe. Mu Disembala 2015 moto udapsereza laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu, mabuku zikwizikwi n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Buku la sayansi mutha kuitanitsa lina kunja. Nanga mawu a gogo wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene adajambulidwa zaka khumi zapitazo, mwina mwini wake adatisiya kale, mukawagula kuti? Zojambula zotere ziyenera kukhala ndi makope m'nthambi zingapo, ndipo koposa apo ziyenera kubwerera kumene zidachokera. Sizingakhale bwino kuti nthano ya Chilambya izimvedwa ndi ana a ku Area 47 okha pamene adzukulu a mwini nthanoyo sadaionepo.

Ndikudziwa yankho la a ku Capital Hill ndisanafunse n'komwe: ndalama palibe. M'zipatala mankhwala akusowa, feteleza wakwera, ndipo kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zoona zimenezo. Koma kugwa kwa kwachako ndiye kukundithandiza mfundo yanga. Buku lochokera ku London limafuna madola, pamene tsiku la nthano limafuna mphasa, mthunzi wa mtengo, ndalama ya minibasi ya wosimba nthano ndi wantchito mmodzi wolola kugwira Loweruka. Pa zinthu zonse zimene laibulale ingachite, ichi ndiye chotsika mtengo kuposa zonse. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu lidafika pa K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022 ndipo lakhala likukwerabe. Ndi aphungu angati amene adaganizapo zopatulako pang'ono kuti pa boma pawo pazichitika tsiku la nthano, mpikisano wa ndakatulo kapena mtsutso wa ana a sukulu kamodzi pamwezi? Vuto lake n'lakuti tsiku la nthano silikhala ndi khoma lolembapo dzina la wolemekezeka.

Timakonda kunyadira William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene adapanga makina a magetsi oyendera mphepo atawerenga buku m'kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale. Buku la mbiri yake lidatuluka mu 2009, filimu mu 2019, ndipo akuluakulu amamutchula m'malankhulidwe awo. Chimene samatchula n'chakuti mnyamatayo adali atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002. Sadali kukonzekera mayeso alionse. Adalowa chifukwa chitseko chidali chotsekula kwa munthu wopanda yunifolomu. A Kamkwamba ena ali m'misika akugulitsa majumbo, ndipo sangalowe okha m'nyumba imene imaoneka ngati ya ophunzira okhaokha pokhapokha china chake chitawakoka.

Komabe tisathamange. Zochitika zotere zili ndi minga yake. Ana a mayeso aja ali ndi ufulu wa bata, choncho ng'oma ndi nthano zikhale ndi nthawi yake ndi malo ake, kunja kapena Loweruka masana. Chachiwiri, agogo osimba nthano asamagwiritsidwe ntchito ulere pamene wobwera ndi laputopu kudzatsegulira mwambo walandira alawansi ya masiku atatu. Mwini luso ndi gogoyo, alipidwe moyenera, ndipo dzina lake lilembedwe pa chojambulacho. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limakhudzanso zamakolo, tsono a COSOMA ndi a laibulale agwirizane poyera kuti wina akafuna kupanga katuni kapena buku logulitsa kuchokera pa nthanozi, phindu lake lipita kwa yani.

Munga waukulu ndi andale. Holo ikangoyamba kudzaza anthu, sipatenga nthawi wina asanabwere ndi nsalu za chipani kudzakhala mlendo wolemekezeka, ana n'kudikira maola awiri padzuwa kuti bwana afike. Bodi ya National Library Service ilembe lamulo lomveka lakuti pa zochitika za m'laibulale sipaloledwa mbendera, nsalu kapena nyimbo za chipani chilichonse, cholamula ngakhale chotsutsa, ndipo likhomedwe pakhomo pa nthambi iliyonse kuti woyang'anira wa ku Karonga kapena ku Mulanje akhale ndi pepala loloza tsiku limene gavanala wa chipani adzamuimbire foni.