Mkaka wa soya kwa wodwala impso

Makolo anzanga, wina akadwala impso pakhomo alangizi amachuluka: "Asiye mkaka wa ng'ombe, azimwa wa soya." Kodi n'zoona? Mbali ina inde.

Impso zofooka zimalephera kuchotsa fosifolasi ndi potaziyamu m'magazi. Fosifolasi wa mu soya salowa wambiri m'magazi ngati wa mu mkaka wa ng'ombe. Koma potaziyamu alimo ndithu, pafupifupi mamiligalamu 300 pa kapu imodzi, ndipo akachuluka m'magazi mtima ukhoza kuima.

Mukamagula m'sitolo werengani paketi. Mukaona mawu okhala ndi "phos", usiyeni pa shelefu pomwepo, chifukwa fosifolasi wothirayo amalowa m'magazi pafupifupi yense. Ngakhale wopanga nokha pakhomo, musamwetse wodwala ngati thobwa ayi. Akapimitse kaye magazi, adokotala anene mlingo wake.