ZA UMOYO WATHU: Munthu Akatsamwa, Dokotala Ndinu

Mlungu uno tikambirana za ngozi imene imacitikira pa mphasa pomwe banja lili kudya nsima. Ngozi imeneyi ndi kutsamwa.

Ku Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata wapita pafupi, ndipo apaulendo amaima kudzaona akasupe a madzi otentha. Poona magalimoto amenewa, ena amaganiza kuti munthu akatsamwa angathamangire naye ku cipatala ca ku Chongwe kapena ca St Luke's ku Mpanshya. Koma ubongo ukasowa mpweya umayamba kuonongeka pakapita mphindi 4 mpaka 6. Mphindi zimenezi zimatha musanaimitse ngakhale galimoto imodzi. Cotero wopulumutsa moyo ndi uyo ali kudya naye mbale imodzi.

Pakhosi pathu pali njira ziwiri. Ya kutsogolo ndi kholingo, mopita mpweya. Ya kumbuyo ndi yopita cakudya. Munthu akamadya mofulumira, akamaseka cakudya cili m'kamwa, kapena akaledzera, nthuli ya nyama ikhoza kulakwa njira ndi kutseka kholingo. Ana ang'ono amatsamwa kawirikawiri ndi nshawa, cimanga cokazinga, maswiti, ndalama zacitsulo ndi mabatani.

Coyamba, yang'anani ndi kufunsa kuti, "Kodi mwatsamwa?" Ngati munthuyo ayankha, alira, kapena atsokomola mwamphamvu, ndiye kuti mpweya ukali kupita. Mulimbikitseni kutsokomola, pakuti cifuwa cake cili kugwira kale nchito imene mufuna kugwira. Koma ngati wangogwira pakhosi, maso ali tong'o, mau osatuluka, milomo ili kuda, musataye nthawi ndi kulira.

Imani pambali pake, cakumbuyo pang'ono. Muweramitseni, dzanja lanu limodzi litamcirikiza pa cifuwa. Ndi tsinde la cikhatho cina mumenyeni mwamphamvu pamsana, pakati pa mapewa, mpaka kasanu. Mukamenya kamodzi onani ngati cotsamwitsaco catuluka. Kuweramitsako n'kofunika, kuti cinthuco cikasuntha cigwere kunja.

Zikakanika, pitani kumbuyo kwake ndi kumkumbatira m'mimba. Ikani nkhonya yanu pamwamba pang'ono pa mcombo, pansi pa fupa la pacifuwa. Gwirani nkhonyayo ndi dzanja linalo, ndipo kokerani kwa inu ndi m'mwamba mwadzidzidzi, mpaka kasanu. Mukatero mpweya wotsala m'mapapo umakankha cinthuco monga mowa wowira ukankhira cotsekera ca botolo. Njira imeneyi anaifalitsa ndi dokotala wa ku America, Henry Heimlich, m'caka ca 1974. Pitirizani kusinthanitsa, kasanu pamsana, kasanu pamimba, pamene wina wathamanga kukaitana a ku kiliniki ndi kukafuna galimoto.

Mai wapakati musamfinye pamimba. Ikani nkhonya pakati pa cifuwa ndi kukokera kwa inu. Citani cimodzimodzi kwa munthu wonenepa kwambiri amene manja anu sangamzungulire.

Khanda losakwana caka cimodzi nalonso musalifinye pamimba, cifukwa ziwalo zake za m'kati n'zanthete. Khalani pansi, ligonekeni cafufumimba pa mkono wanu umene mwautsamiza pa nchafu, mutu uli m'munsi, mutagwira cibwano cake. Limenyeni kasanu pakati pa mapewa. Ngati sicinatuluke, litembenuzeni cagada ndi kukanikiza pakati pa cifuwa kasanu ndi zala ziwiri. Bwerezani kufikira litalira. Kulira kwa tsiku limenelo ndi nyimbo yabwino.

Munthu akakomoka, mgonekeni cagada pansi pouma. Sanjikizani manja anu pakati pa cifuwa cake ndi kukanikiza mwamphamvu ndi mofulumira ka 30. Tsegulani kukamwa, cinthuco cikaoneka, cicotseni. Muuzireni mpweya kawiri mutatsina mphuno yake, ndipo yambaninso kukanikiza. Musaleke mpaka atayamba kupuma kapena anamwino atafika. Mukatsamwa muli nokha kumunda, dzifinyeni ndi nkhonya yanu, kapena gwetsani mimba yanu mwamphamvu pa msana wa mpando kapena pa citsa.

Pali zizolowezi zina zimene tiyenera kuzisiya. Musammwetse madzi munthu amene sali kupuma, pakuti madzi sapita mu kholingo kukacotsa kanthu. Musapise cala kukhosi kufunafuna cinthu cimene simucione. Mukhoza kucikankhira m'kati. Ndipo munga wa nsomba ukabaya pakhosi, munthu ali kupuma bwino, musamkakamize kumeza mbamu yaikulu ya nsima monga ticitira ambiri. Mbamuyo ikhoza kulowetsa mungawo m'mnofu. Pitani naye ku kiliniki akaucotse.

Aliyense amene wafinyidwa pamimba kapena pacifuwa apite kukapimidwa tsiku lomwelo, ngakhale aoneke kuti wacira.

Makamaka pa nyengo yofukula nshawa, amai ndi agogo samalani ana okwawa pabwalo. Mwana wosakwana zaka 5 musampatse nshawa zathunthu. Msinjireni ndi kuthira m'phala. Mwana adye atakhala pansi, osati ali kuthamanga. Okalamba amene mano anatha aduliridwe nyama ting'onoting'ono.

Bungwe la Zambia Red Cross Society limaphunzitsa za cithandizo coyamba. Mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo angacite bwino kupempha maphunziro otere m'midzi yao. Koma musadikire tsiku limenelo. Madzulo ano mukatha kudya, werengerani a m'banja mwanu nkhaniyi, ndipo aliyense aloze pamene nkhonya imaikidwa, popanda kufinyana. Amene mudzamphunzitsa lero ndiye angadzakupulumutseni mawa.

Tidzakumananso mlungu wamawa.