Fulati ndi yanu, nanga denga ndi la yani?

Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Sectional Titles Act, ndipo ambirife tidangoti ndi nkhani ya maloya. Chonsecho lamuloli likukhudza aliyense wofuna pakhomo pakepake mumzinda wa Blantyre. Mzindawu wapanikizika pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola nyumba za anthu omwe adamanga m'mbali mwa phiri la Soche ndi ku Chilobwe. Malo abwino omangapo akutha. Chatsala n'kumanga nyumba zosanja.

Kale chikalata cha umwini chinkatsata nthaka. Nyumba ya mafulati khumi ku Limbe kapena ku Mandala inkakhala pa chikalata chimodzi, okhalamo ambiri n'kumangolipira lendi mpaka kukalamba. Cholinga cha lamuloli n'chakuti munthu athe kugula fulati imodzi, ngakhale yam'mwamba, kuilembetsa m'dzina lake, kuipereka chikole kubanki kapena kusiyira ana.

Pamene pagona nkhani ndi pa zinthu zopanda mwini mmodzi: denga, masitepe, mpanda, thanki ya madzi, mapaipi a suweji ndi malipiro a mlonda pageti. Izi zimakhala za onse, ndipo zimayendetsedwa ndi bungwe la eni mafulatiwo. Denga likayamba kudontha, wokhala pansi amati, "Kwanga kulibe dontho, ndisonkherenji?" Suweji ikaphulika pansi, wam'mwamba amangotseka zenera n'kupitiriza kudya nsima yake.

Khalidweli timalidziwa kale. Ku Namiwawa, ku Nyambadwe ndi m'madera ena anthu amasonkherana ndalama za alonda kapena zokwirira maenje mumsewu. Wokana kusonkha simungamuchite kanthu, koposa kumunena pagulu la WhatsApp, iye n'kumadutsabe pamsewu womwewo ndi galimoto lake. Koma nyumba yosanja siyingadalire chisoni cha anthu. Bungwe la eni liyenera kukhala ndi mphamvu yochokera m'lamulo, yotolera ndalama mwezi ndi mwezi ndi kutengera wozemba kukhoti.

Abale athu okhala ku Johannesburg akudziwa zomwe zidachitikira nyumba zambiri za ku Hillbrow. Eni ake atasiya kusonkha, madzi ndi magetsi zidadulidwa, zikepe zidaima, nyumba zabwinobwino n'kusanduka mabwinja muli anthu. Dziko la South Africa lidakhwimitsa malamulo ake a nyumba zotere mu 2011, ndipo adayamba kugwira ntchito mu 2016. Tsopano bungwe lililonse la eni liyenera kusunga thumba lapadera lokonzera nyumba, ndipo pali ofesi ya Community Schemes Ombud Service yoweruza mikangano popanda kuwononga ndalama zambiri kukhoti. Ife tisadikire kuti nyumba ziyambe zawonongeka.

Unduna wa Zamalo ndi Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre afotokozere anthu lamulo lathu la Sectional Titles Act m'Chichewa, pawailesi ndi m'misonkhano ya m'madera. Ndipo inu amene mukuganiza zogula fulati, musanapereke ndalama funsani kuti chopereka cha pamwezi ndi zingati, amasunga ndalamazo ndani, nyumbayo ili pa inshuwalansi kapena ayi, ndiponso denga lidakonzedwa liti komaliza.