Misasa ya asodzi ku Mecanhelas

Kwathu ku Mecanhelas munthu akagona m'mbali mwa nyanja ndiye kuti ali pa ntchito. Asodzi a pa nyanja za Chiuta ndi Chilwa amamanga misasa ya udzu, ena amakhala m'zimbowera pamwamba pa madzi, kusaka matemba, makumba ndi milamba.

Koma mlamba kuti ukafike ku Insaca kapena Entre Lagos uli bwino, uyenera kuwambidwa, ndipo nkhuni zake zimachokera m'tchire la pafupi. Mitengo ikatha, mvula imakokolola dothi n'kukwirira nyanja zomwe n'zosaya kale. Paja Chilwa inaphwa mu 1968 ndi 1995.

Choncho abambo a pa msasa, tolani nkhuni zouma, kumbani chimbudzi kutali ndi madzi poopa kolera, ndipo zimitsani moto musanachoke.