Ndowa Yathu Ikuterera, Tiyeni Tiziitsuka

Lachitatu lapitali linali tsiku langa lotunga madzi akumwa a m'kalasi. Nditataya otsalira, ndinapisa dzanja pansi pa ndowa. Abale, kuterera kwake ngati therere! Nditauza anzanga, anangoti, "Iwe, paja timathiramo kolorini, palibe vuto." Ine ndikuti vuto lilipo, ndipo kolorini payekha sakukwanira.

Ambirife timaganiza kuti tizilombo toyambitsa matenda timangoyandama m'madzi kudikira kuphedwa. Ayi ndithu. Kachilombo kalibe maso kapena ubongo, koma pakhungu pake pali timapuloteni tomwe timamva kutentha, asidi, mchere komanso kusowa kwa chakudya. Zinthu zikavuta, kamasintha khalidwe kuti kapulumuke.

Tengani chitsanzo cha kachilombo ka kolera, kotchedwa Vibrio cholerae. Madzi akazizira kapena chakudya chikasowa, kamachepa thupi n'kukhala ngati kagona, kudikira nyengo yabwino. Kakapeza pomata, kamamatirira, kuswana, kenako gulu lonse limatulutsa zonanda n'kudzifunditsa ngati bulangeti. Asayansi amazitcha biofilm, ndipo mabakiteriya amitundu yambiri amachita zomwezi. Kuterera kwa m'ndowa kuja n'kumeneku. Kolorini amapha msanga tizilombo toyandama patokha, koma amavutika kulowa mkati mwa zonandazo.

Sizithera pomwepo. M'mimba mwathu muli asidi amene amapha tizilombo tambiri, koma tomwe tamezedwa tili m'zonanda timapirira kuposa tinzake. Ta kolera tikadutsa n'kufika m'matumbo, timazindikira ndulu komanso kutentha kwa thupi, madigiri 37, n'kuyamba kupanga poizoni amene amatsegula m'mimba. Munthu amatha madzi m'thupi m'maola ochepa chabe.

Mundimvetse, sindikunena kuti m'ndowa yathu muli kolera. Madzi a pamjigo nthawi zambiri amatuluka abwino. Amadzaipira kuno, pamene kalasi yonse tikumwera kapu imodzi, ena kupisa ndi zala zomwe atangochoka kuchimbudzi. Kachilombo koipa kakangolowa tsiku limodzi, kapeza nyumba yomangamanga, basi kakhazikika.

Ndipo kolera si nthano. Mliri womwe unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira chifukwa cha matendawa. Ifeyo chipatala chili kutali. Wina atayamba kutsegula m'mimba masana ano, tingamunyamule pa chiyani? Panjinga?

Ndikudziwa zomwe munene: timayenda mtunda wautali, timafika belu litalira, ndipo sopo palibe. Zoona, inenso ndimadzuka kusanache. Koma kutsuka ndowa sikupitirira mphindi 5. Sopo akasowa, phulusa lilipo kunyumba kwa aliyense. Chongopewa ndi mchenga, chifukwa umakala pulasitiki ndipo m'mikwingwirimamo ndi momwe tizilombo timabisala bwino.

Pempho langa ndi ili. Wotunga madzi aliyense azikwecha ndowa ndi kachisaka koyera mpaka kuterera kuthe, kenako n'kutsukuluza. Akathira kolorini, tizidikira mphindi 30 tisanamwe. Ndowa izikhala yovundikira, ndipo pakhale kapu yotungira yokha, yosamwera. Lachisanu tikamaweruka, tiziyanika ndowayo padzuwa kuti iume, osati kuisiya ndi madzi mpaka Lolemba. Mapulifeketi athu, chonde lembani zimenezi pa ndandanda wa ntchito, ndipo anyamata mayina anu akhalepo. Paja madziwo timamwa tonse.

Amene akukayika, mawa m'mawa apise yekha chala pansi pa ndowa ya m'kalasi mwake. Akapeza kuti sikuterera, adzanditsutse pabolodi pomwe pano.

Wophunzira wa Fomu 2